Zimene Sindinakuuze za Amalume Ako a Aleki

Ndunde,
Lachitatu la Phulusa, masana.

Mwana wanga Felista,

Ndang'amba mapepala a kumapeto kwa kope lako lakale, amene sunalembemo kanthu, ndipo ndakhala pakhonde kuti ndikulembere. Mvula yatiletsa kupita kumunda. Iwe wapita ku Namadzi kukatsanzika azakhali ako, bambo ako ali kuseri akumata chubu cha njinga yoti mawa akunyamulire sutikesi mpaka kumsewu. Ukundidziwa ine, pakamwa ndimalongolola za mchere ndi za nkhuku, koma nkhani zenizeni sinditha kuzinena. Kalatayi ndiibisa pansi pa zitenje zako. Usaiwerengere m'minibasi, ukaiwerenge ukafika ndi kupuma.

Ukupita kukaphunzira unamwino. Anthu akuuza kale zambiri: usamayende ndi anyamata, uzilimbikira, uzilemekeza aphunzitsi. Zonsezo nzoona, ine sindibwerezanso. Ndikupatsa zolakwa zanga, chifukwa ndi chuma chokhacho chimene ndili nacho chambiri.

M'mawa uno kutchalitchi unali patsogolo panga pamzere wolandira phulusa. Ndimayang'ana khosi lako, ndipo ndinakumbuka mmene ine ndinkayendera njira yomweyi ndi agogo ako aamuna, bambo anga. Tinkanyamuka mame asanaume, m'kanjira kodutsa pakati pa chimanga chitamasula ngayaye, miyendo itanyowa mpaka m'mawondo. Phiri la Chiradzulu linkakhala litafunda nkhungu. Agogo akowo makolo awo anachokera ku Mozambiki wapansi, ndipo iwo ankapemphera m'Chilomwe akakhala okha, m'Chinyanja akakhala pagulu. Ndiwo ankasonkhanitsa kanjedza wouma wa chaka chatha, amene anthu ankasomeka kudenga m'nyumba zawo, n'kumutentha paphale kuseri kwa tchalitchi kuti ansembe adzapeze phulusa lili lokonzeka. Fungo la utsi umenewo ndimalimvabe. Tchalitchi chinali chofolera ndi udzu masiku amenewo, mipando inali ya dothi, ndipo mvula ikabwera tinkasunthirana.

Cholakwa changa choyamba ndinachichita ndili ndi zaka khumi, ndipo useka. Nditalandira phulusa, sindinafune kuti lichoke. Ndinkasamba kuyambira m'mphuno kutsika. Pofika Lachisanu litafufutika, ndinatola khala pamoto, ndinalinyenya, n'kudzilemba ndekha mtanda pachipumi, waukulu kuposa wa ansembe. Ndinapita nawo kumjigo kuti ana a mipingo ina aone. Bambo anga atandiona sanandikalipire. Anandiitana, ananyowetsa chala ndi malovu, n'kupukuta.

"Phulusa la Mulungu linatha dzana," anatero. "Ili ndi lako. Lija limanena kuti ndiwe dothi. Ili likunena kuti ndiwe woposa anzako."

Ndinalira ndi manyazi, koma phunziro sindinalimve. Ndinakula nalo khala limenelo, mwana wanga, kungoti ndinasiya kulipaka pooneka. Uzichenjera ndi ubwino umene umafuna anthu auone. Ukavala yunifomu yoyera, anthu akumudzi adzakugwadira polankhula nawe. Usakhulupirire kuti wasanduka wina.

Cholakwa chachiwiri ndi cha amake Rute, anansi athu a kuseri kwa mpanda. Lero umawaona ngati anzanga a pamtima, koma sizinali choncho kale. Chaka china mbuzi zawo zinalowa m'munda mwathu ndi kudya nandolo atangoyamba maluwa. Anabwera kudzapepesa. Ine ndinawalalatira pamaso pa ana awo, ndinatchula ndi za amayi awo zomwe. Kuyambira tsiku limenelo tinatha zaka zitatu osapatsana moni. Tinali m'kwaya imodzi, tinkaimba nyimbo imodzi, koma pa nthawi yopatsana mtendere ndinkatembenukira kwina. M'nyengo ya Lenti ndinapita kukalapa kwa ansembe achikulire amene ankabwera pa njinga yamoto kamodzi pamwezi. Ndinagwada n'kuyamba kufotokoza za mbuzi, za nandolo, za mwano wa amake Rute. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza.

"Mayi," anatero, "anzanuwo akabwera adzandiuza okha machimo awo. Nanga inu mwabwera ndi chiyani?"

Ndinatuluka nditakwiya, ndipo ndinauza bambo ako kuti ansembewo akalamba, sakumvanso bwino. Felista, ukamakalapa uzinena zako. Ukayambana ndi mnzako wa m'chipinda chimodzi, usadikire kuti ayambe ndiye. Sudziwa kuti Mulungu adzakutumizira thandizo kudzera mwa yani.

Tsopano ndifike pa cholakwa chachitatu, chimene chandilembetsa kalatayi.

Amalume ako a Aleki, mlongo wanga wamng'ono, unawadziwa uli mwana. Anali telala pakhonde la sitolo ina ku Limbe. Akamabwera pa Khirisimasi nyumba inkadzaza ndi kuseka. Ankakunyamula paphewa, ankatiimbira nyimbo za m'tauni akusintha mawu kuti atinyodole tonse. Ine ndinamulera Aleki, chifukwa amayi athu anamwalira iye ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinamubereka kumsana. Uzikumbukira zimenezi pamene ukuwerenga zotsatirazi.

Patapita zaka ziwiri chivotereni zipani zambiri, Aleki anatsika minibasi mwezi wa Januwale, atanyamula kachikwama kamodzi. Ndinamudziwira mawu okha. Anali ataonda, tsitsi litapyapyala, akutsokomola, kumaso kuli zilonda. Mkazi wake anali atamwalira chaka cham'mbuyo. Palibe amene anatchula dzina la matendawo, koma tonse tinadziwa. Masiku amenewo kunalibe mankhwala otalikitsa moyo. Munthu akabwera kumudzi chonchi, amakhala wabwera kudzafa.

"Achemwali, ndabwera kwanu," anatero. "Ndilibenso kwina."

Kwathu kuno mwamuna akadwala amabwerera kwa mlongo wake, ndiye mwambo wathu. Ine ndinamulandira, koma ndinamulandira bwanji? Ndinasesa kanyumba kosungiramo makasu ndi madengu, kaja kanagwa ndi mvula chaka chatha, ndipo ndinamuyalira mphasa mmenemo. Ndinamupatulira mbale ndi kapu, ndinazimangira kansanza kofiira kuti zisasakanikirane ndi zathu. Chakudya ndinkasiya pakhomo n'kugogoda. Anamwino a ku Mbulumbuzi anali atatiuza momveka kuti matendawa sapatsirana pa mbale kapena pogwirana chanza. Ndinamva. Sanali mantha okha amene anandigwira, mwana wanga. Anali manyazi. Ndinali wapampando wa amayi mumpingo mwathu, wotsogolera Njira ya Mtanda Lachisanu, ndipo sindinafune kuti anthu aziti m'nyumba mwa mayi ujeni mwalowa matenda a chiwerewere. Bambo ako anayesa kundilankhula. Ndinawayankha kuti m'bale ndi wanga, asalowerere.

Lachiwiri lina, kutatsala tsiku limodzi kuti tilandire phulusa, ndikusiya mbale pakhomo, Aleki anandiitana.

"Achemwali, mawa ndi Lachitatu la Phulusa, eti?"

"Eya."

"Ndatha zaka zambiri osalowa m'tchalitchi. Ndimafuna ndipite nawo. Alamu atha kundikweza panjinga."

"Ulibe mphamvu iwe," ndinatero. "Mvula ikakupeza panjira, chifuwacho chikula. Ndikakupempherera."

Anangoti, "Chabwino." Amadziwa kuti sindikunena za mvula.

M'mawa mwake ndinavala chitenje changa cha mpingo, ndinapita ndekha molawirira kukakonza maluwa paguwa. Misa itayamba, ndinamva anthu akunong'onezana kumbuyo. Nditacheuka ndinaona Aleki atakhala pampando womalizira, atavala jekete limene linkamulendewera ngati lobwereka. Pambali pake panali amake Rute. Amuna awo ndiwo anamukankha panjinga ulendo wonsewo. Ndinadzamva pambuyo pake kuti kwa milungu itatu, ine ndikapita kumunda, mayi amene ndinkakana kumupatsa moni ankadutsa pampanda ndi phala, n'kukhala pansi kumamumwetsa mlongo wanga.

Ulaliki sindinaumve. Ndimangoganiza kuti achita dala kuti andiyalutse.

Nthawi ya phulusa itakwana, tinaima pamzere tikuimba nyimbo yopempha chifundo. A kwaya timapita pomaliza. Aleki ankayenda pang'onopang'ono, amake Rute atamugwira mkono, ndipo anthu ankamudutsa, ena akusiya mpata waukulu. Mwa njira imeneyo zinachitika kuti pofika kutsogolo, iye anali patsogolo panga penipeni. Ndinaona mafupa a khosi lake. Ansembe aja, achikulire omwe ndinati sakumva bwino, anaviika chala chachikulu m'mbale, n'kuchikanikiza pachipumi pa Aleki, pomwe panali zilonda. Sanafulumire. Anamuuza mawu amene amauza aliyense, akuti akumbukire kuti ndi dothi ndipo kudothi adzabwerera. Aleki anayankha "Amen" ndi mawu omveka, ngati munthu amene wauzidwa nkhani yomwe akuidziwa kale.

Kenako inali nthawi yanga. Ansembe sanapukute chala. Anachiviikanso m'mbale momwemo n'kuchikweza. Felista, ndinabweza mutu m'mbuyo. Ndi zoona. Ndinabweza mutu. Iwo sanatsitse dzanja. Anadikira, chala chili m'mwamba, akundiyang'ana mopanda ukali.

"Yandikirani, mayi," anatero motsitsa.

Ndinayandikira. Chala chimene chinakhudza Aleki chinakhudza ine, ndipo mawu anali omwewo, osawonjezera, osachotsera. Sanati iye ndi dothi loipa, ine dothi labwino. Ndinali nditamva mawu amenewo zaka makumi atatu, koma tsiku limenelo ndi pomwe anandilowa. Ndinaona kuti ine ndi mlongo wanga tili paulendo umodzi, iye wangotsogola pang'ono, ndipo pa awirife amene anabwera kudzapempha chifundo moona anali iye. Ndinabwerera kumpando osaona njira. Nyimbo inandikanika.

Titatuluka ndinamupeza atakhala pamuzu wa mtengo wa mango, akupumira m'mwamba. Kunayamba kuwaza. Atandiona anayesa kuimirira.

"Achemwali, pepani. Ndakuchititsani manyazi."

Iye kupepesa ine. Ndinamasula chitenje cha mpingo chija n'kumufunditsa m'mapewa, anthu onse akuona. Ndinatembenukira kwa amake Rute.

"Mwadzuka bwanji?" ndinatero. Ndi mawu okhawo amene ndinapeza patatha zaka zitatu.

"Tadzuka, kaya inu," anayankha, ngati tinaonana dzulo. "Gwirani mkono uwo, ine ndigwira uno."

Tsiku lomwelo tinamusamutsira m'nyumba, m'chipinda chako. Ndinamasula kansanza kofiira kaja. Ndinatenthetsa madzi n'kumusambitsa ndekha, monga ndinkachitira ali mwana, ndipo anali wopepuka moti ndikanatha kumuberekanso. Anakhala nafe masabata asanu ndi masiku ochepa. Sindikunamiza kuti anali masiku okoma. Kunali kutsegula m'mimba, kuchapa kosatha, fungo, ndipo tsiku lina ndinatopa mpaka ndinakalirira kudimba. Komabe ndikamakumbuka moyo wanga, masabata amenewo ndi amene ndimawasowa. Chimanga chinayamba kucha, ndinkamuwotchera chachiwisi, iye n'kumangotafuna njere ziwiri zitatu kuti amve kukoma. Tinkakumbutsana za bambo athu ndi phale lawo la kanjedza. Ankandiseka za khala lija. Lachisanu amayi anzanga anayamba kubwera kudzachita Njira ya Mtanda pabwalo pathu kuti iye azimvera pawindo.

Usaganize kuti amalume ako anali munthu wopanda banga. Anandiuza yekha zimene anachita ku Limbe, mowa ndi akazi, ndi mmene anamuvutitsira mkazi wake. Chimene chinkamupweteka koposa chinali kuganiza kuti ndiye anamubweretsera matenda. Ansembe atabwera anakhala naye nthawi yaitali chitseko chili chotseka. Atapita, ndinamupeza ali phee, maso ali kudenga.

"Ukuopa?" ndinamufunsa.

"Ndimaopa," anatero. "Ndimaganiza kuti ndiyenera kukonza kaye zonse ndisanakaonekere. Koma nsalu yanga yang'ambika moti sindingaisoke. Ndingopita nayo choncho. Mwiniwake akaona chochita."

Anamwalira Lachiwiri la Sabata Loyera, dzuwa likutuluka, mutu wake uli pamwendo panga. Tinamuika pafupi ndi amayi athu.

Ukakhala kuchipatala udzakumana ndi anthu ngati Aleki tsiku ndi tsiku. Vala magolovesi monga akakuphunzitsire, udziteteze, koma nkhope yako isamuuze wodwala kuti akukunyansa. Odwala amaona nkhope msanga kuposa ife. Usamafunse mumtima mwako kuti matendawa anawatenga bwanji, pokhapokha ngati yankho likuthandiza pomuchiza. Uzimutchula dzina. Ukaona wina amene abale ake amusiyira chakudya patali, usawaweruze msanga abalewo, ukumbukire kuti amayi ako anachitapo zomwezo. Uwaitane, uwaonetse pogwira. Ndipo ukadzaona imfa kambirimbiri mpaka kuizolowera, uzipita kukalandira phulusa, kuti wina akukumbutse kuti bedi limenelo lidzakhala lako tsiku lina. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Cholakwa chachinayi chinabwera maliro atatha, ndipo ichi uchimvetsetse bwino chifukwa chimagwira anthu a mtima wofewa ngati wako. Ndinasiya kulandira Ukaristiya. Ndinkapita ku Misa, koma nthawi yolandira ndinkakhala pansi. Ndinali nditalapa, ansembe anali atanena mawu a chikhululukiro, koma ine ndinkati ayi, milungu isanu ndi umodzi imene mlongo wanga anagona ndi makasu singafufutike ndi mawu ochepa chonchija. Ndinatula pansi udindo wa wapampando wa amayi. Ndinaonda. Ndinkaganiza kuti kumeneko ndiko kudzichepetsa. Chinatha chaka. Tsiku lina tikusenda nyemba pakhonde lino, amake Rute anandifunsa chifukwa chake, ndipo ndinawauza.

Anapitiriza kusenda. Kenako anati, "Amake Felista, ndinene? Kudzikuza kwanu kuja sikunathe, kwangosintha chitenje. Kale munkati ndinu wabwino kuposa tonse. Lero mukuti ndinu woipa kuposa mmene Mulungu angakhululukire. Paliponse mukufuna mukhale oyamba."

Ndinakwiya kaye, kenako ndinaseka mpaka misozi, ndipo misoziyo inasanduka kulira kwenikweni. Lamulungu lotsatira ndinaimirira pamzere. Sindinamve chachilendo chilichonse. Ndinangotambasula manja ngati wina aliyense wanjala.

Udzalakwitsa, Felista. Sindikukutemberera, ndikukuuza zimene zimachitikira munthu aliyense wogwira miyoyo ya anthu. Tsiku lina udzachedwa, kapena udzakalipira wodwala chifukwa cha kutopa, ndipo mawa lake udzapeza bedi lake layalulidwa. Likadzafika tsiku limenelo usabise, usanamizire mnzako, komanso usadzikwirire wamoyo monga ndinachitira ine. Unene kwa oyenera kuuzidwa, ukagwade, ulandire chikhululukiro, ubwerere kuntchito. Chisomo sichili ngati malipiro a ganyu oti uyambe wamaliza ndime. Chimakupeza ndime ili pakati, udzu uli thoo.

Ukafika, ufunse kumene kuli tchalitchi sabata yoyamba yomweyo, usanazolowere kugona Lamulungu. Lachisanu m'nyengo ino usadye nyama, koma ukadwala kapena ukagwira ntchito yolemetsa, idya, Mulungu sakondwera ndi namwino wokomoka. Uzilembera bambo ako. Sadzakuyankha, koma makalata ako adzawasunga m'thumba la malaya mpaka athetheke.

Chatsala chimodzi, ndipo ndakhala ndikuchizungulira kuyambira tsamba loyamba.

Ukukumbuka kuti amalume ako atangobwera ndinakutumiza kukakhala kwa azakhali ako ku Namadzi, uli ndi zaka khumi ndi ziwiri. Unalira, unati ukufuna kuwaona. Ndinakuuza kuti iwo anena okha kuti safuna ana pafupi, phokoso likuwasokoneza. Linali bodza, mwana wanga. Sananenepo zimenezo. Ankakufunsa pafupifupi tsiku lililonse. Nditamulowetsa m'nyumba ndinati ndikuitanitsa sukulu ikatsekera, chifukwa ndinkachita manyazi kuti udzadziwa kuti ndinanama. Sukulu isanatsekere iye anapita. Unabwera pamaliro, unaima patali, ndipo sunalire. Usiku wake unandifunsa kuti unawalakwira chiyani amalume. Ndinakuuza kuti ugone.

Anandisiyira uthenga wako, ndipo ndausunga zaka zonsezi chifukwa kuupereka kunali kuulula bodza langa. Diresi lobiriwira lija anakusokera n'kukutumizira kuchokera ku Limbe pa Khirisimasi yake yomaliza, limene unkalikonda mpaka linakuthina. Kutatsala masiku atatu kuti amwalire anandiuza kuti, "Mukamuuze Feli kuti mpendero ndinaupinda kawiri. Akatalika mudzaumasule, alivalabe zaka ziwiri. Ndinadziwa kuti sindidzakhalapo kuti ndimusokere lina." Ndinaumasula mpenderowo iwe uli kusukulu, ndipo unaganiza kuti ndi nzeru zanga.

Sunawalakwire kanthu. Ankakukonda mpaka tsiku lomaliza. Mulungu anandikhululukira, Aleki anandikhululukira ali moyo, koma kwa iwe sindinapemphe. Ndikupempha lero. Usathamangire kundiyankha. Ngati ukwiya, kwiya, uli ndi chifukwa. Ukadzakonzeka udzandilembere, kaya ndi mwezi uno, kaya ndi chaka chamawa. Ine ndidikira.

Pita bwino, mwana wanga. Amene anatiumba ndi dothi akudziwa kuti timasweka, ndipo sanatitayepo. Akugwire dzanja kumene ine sindingafike.

Ndine mayi ako,
amake Felista.